Anavota ndi angati kwenikweni? Za chiwerengero cha ovota, ufulu wovota ndi zimene zimatsala chisankho chikatha

Bungwe loyendetsa zisankho la MEC litalengeza zotsatira za chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, makutu a anthu ambiri anali pa dzina la wopambana. Nambala ina inangodutsa ngati mphepo: 76.4. Bungweli linati mwa anthu 100 aliwonse amene analembetsa m'kaundula, 76 anakaponya voti. Nambala imeneyi imakanganitsabe anthu m'maminibasi ndi m'magulu a pa WhatsApp. Wina amati Amalawi anakhamukira kukavota, dziko linalankhula. Mnzake amati ayi, theka la akuluakulu a m'dziko muno silinavote n'komwe. Onse awiri akunena zoona, ndipo kuti zimenezi zimveke tiyenera kubwerera ku tsiku la kalembera, kenaka n'kuyenda nayo votiyo mpaka kupitirira tsiku lolumbiritsa.

Nambala imodzi, mawerengedwe awiri

Taganizirani mphunzitsi wa sitandade 4 akuitana mayina m'mawa. M'kaundula mwake muli ana 100. Ayankha 76, iye n'kulemba kuti 24 ajomba. Koma kuseri kwa sukuluyo kuli ana ena amsinkhu womwewo amene akuweta mbuzi kudambo, amene sanalembetsedwe sukulu chiyambire. Amenewo mphunzitsi sawalemba kuti ajomba, chifukwa m'buku lake mulibe mayina awo.

Chiwerengero cha ovota chimene MEC imalengeza chimawerengedwa chimodzimodzi. Amatenga anthu amene anavota n'kuwayerekeza ndi amene ali m'kaundula basi. Mu 2025 analembetsa anali pafupifupi 7.2 miliyoni, ndipo amene anavota anali pafupifupi 5.5 miliyoni. Apo ndi pamene pakuchokera 76.4.

Mawerengedwe achiwiri amayambira patali. Kalembera asanayambe, ofesi ya boma yowerengera anthu ya NSO inayerekeza kuti pofika tsiku lachisankho m'dziko muno mudzakhala anthu pafupifupi 10.9 miliyoni a zaka 18 kupita mtsogolo. Chinali chiyerekezo chochokera pa kalembera wa anthu wa 2018, choncho sichingakhale ndendende, koma ndi chimene MEC yomwe inkagwiritsa ntchito. Tikachotsa 7.2 miliyoni pa 10.9 miliyoni, patsala anthu pafupifupi 3.7 miliyoni amene sanalowe m'kaundula. Tikaphatikizapo 1.7 miliyoni amene analembetsa koma osavota, tikupeza anthu 5.4 miliyoni. Ovota 5.5 miliyoni, osavota 5.4 miliyoni. Ndiye theka lija.

Professor Arthur Peter Mutharika anapeza mavoti 3,035,249, omwe ndi 56.8 pa mavoti 100 aliwonse ovomerezeka, pamene Dr Lazarus Chakwera anapeza 1,765,170, omwe ndi 33 pa 100. Mwalamulo palibe chochotsera pamenepa, chifukwa lamulo limawerengera mavoti amene aponyedwa, osati amene akanaponyedwa. Komabe mavoti a wopambanayo tikawayika pambali pa akuluakulu onse a m'dziko, akukwana pafupifupi 28 pa 100 aliwonse. Zinali chimodzimodzi mu 2020 pamene a Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 2.6 miliyoni. Pa zisankho ziwiri zonsezi, amene analowa ku State House anayamba kulamulira anthu ambiri amene sanamusankhe kuposa amene anamusankha, ndipo ochuluka mwa iwo sanasankhe wina aliyense.

Kaundula mwiniyo amathanso kunamiza. Mu 2014 munali mayina pafupifupi 7.5 miliyoni, kuposa a 2025, chonsecho anthu m'dziko achuluka kwambiri m'zaka khumi ndi chimodzizi. Kaundula wakale ankadandaulitsa chifukwa cha mayina obwerezedwa ndi a anthu omwalira. Mu 2018 MEC inayamba kalembera watsopano wodalira chiphaso cha unzika ndi makina, ndipo mayina anatsika kufika pa 6.86 miliyoni. Kaundula wotupa amachititsa kuti zioneke ngati anthu ambiri anajomba, pamene kaundula wochepa amachititsa kuti zioneke ngati aliyense anabwera. N'chifukwa chake nambala ya chaka china siyenera kuyerekezedwa ndi ya chaka china mwachimbulimbuli.

Mmene nambalayi yayendera kuyambira 1994

Pa chisankho choyamba cha matipate mu 1994, anavota anali pafupifupi 80 pa olembetsa 100 aliwonse. Mu 1999 anapitirira 90, ndipo nambala imeneyo sinafikiridwenso. Mu 2004 inagwa kufika cha m'ma 60. Chaka chimenecho chinabwera pambuyo pa njala ya 2002 ndi mkangano wofuna kuwonjezera nthawi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo kaundula naye anali wosokonekera. Mu 2009 inakwera kufika pa 78, mu 2014 inali pafupifupi 71, mu 2019 inali 74, ndipo pa chisankho chachibwereza cha 2020, chomwe chinachitika mkati mwa mliri wa Covid-19, inatsika kufika pafupifupi 65.

Poyerekeza ndi anzathu, Amalawi olembetsa amavota ndithu. Ku Zambia mu 2021 anali pafupifupi 70 pa 100. Ku South Africa mu 2024 anali pafupifupi 59, ndipo ku Nigeria mu 2023 sanafike n'komwe 30. Ku Australia nambala imakhala cha m'ma 90, koma kumeneko kuvota n'kokakamiza ndipo wojomba popanda chifukwa amalipira chindapusa. Kwathu kuno kuvota ndi ufulu, ndipo kusavota si mlandu.

Pali nambala imodzi imene anthu saikumbukira kawirikawiri. Mu 2000 kunachitika chisankho cha makhansala paokha, ndipo anavota anali pafupifupi 14 pa 100. Makhansala amenewo atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014, pamene tinayamba zisankho zapatatu zosankha mtsogoleri wa dziko, phungu ndi khansala tsiku limodzi. Anthu amadzuka m'mamawa chifukwa cha mpando wa pulezidenti, ndipo phungu ndi khansala amakwera nawo galimoto yomweyo. Zisankho zapadera, zija zimachitika phungu kapena khansala akamwalira, zimaonetsa zomwezo: mizere imakhala yaifupi.

Ndani ali ndi ufulu wovota

Ufulu umenewu sunabwere tsiku limodzi. Pa chisankho cha Ogasiti 1961, dziko lino likadali Nyasaland, munthu ankalowa m'kaundula potengera chuma, ndalama zimene amapeza kapena maphunziro, ndipo kunali makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi. Olembetsa onse anangopitirira pang'ono 100,000. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, anthu ankatha kusankha phungu pakati pa anthu a chipani chomwecho m'zaka zina, koma mpando wa mtsogoleri wa dziko sunkavoteredwa, makamaka Dr Hastings Kamuzu Banda atakhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971. Zinthu zinatembenuka pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene nyali, chizindikiro cha matipate, inagonjetsa tambala wakuda. Akuluakulu amene anaima pamzere tsiku limenelo akadalipo ambiri m'midzi mwathu, ndipo mukawafunsa amakumbukira mpaka kuzizira kwa m'mawawo.

Lero gawo 40 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapereka kwa munthu aliyense ufulu wolowa kapena kuyambitsa chipani, wochita kampeni, wovota mwachinsinsi ndiponso woima pa chisankho. Gawo 77 ndi limene limafotokoza woyenera kulembetsa: akhale wakwanitsa zaka 18, akhale nzika ya Malawi kapena wakhala m'dziko muno zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo akhale kuti amakhala, anabadwira, amagwira ntchito kapena amachita bizinesi m'dera limene akulembetsalo. Oletsedwa ndi ochepa: amene lamulo lamugamula kuti mutu wake sukuyenda bwino, amene wagamulidwa kuti aphedwe, ndi amene wapezeka wolakwa pa mlandu wophwanya malamulo a chisankho. Ambiri amadabwa kumva kuti kukhala m'ndende pakokha sikuchotsa ufulu wovota. Munthu amalembetsa malo amodzi okha ndipo amavota kamodzi.

Sefa imene ili pakati pa ufulu ndi bokosi

Papepala ufuluwo ndi wotambasuka, koma pakati pa ufulu ndi bokosi la mavoti pali sefa zingapo, ndipo pa iliyonse pamatsalira anthu.

Yoyamba ndi chiphaso cha unzika. Lamulo la zisankho la 2023 linati chiphaso chimenechi, chimene amapereka ndi a bungwe la NRB, ndicho umboni wokhawo polembetsa. Kale munthu ankatha kubwera ndi pasipoti, chiphaso choyendetsera galimoto kapena kalata ya amfumu. Amene amagwirizana ndi lamulo latsopanoli amati limatseka mpata wolembetsa kawiri, wolembetsa ana osakwana zaka, ndi wolembetsa anthu ochokera kutsidya kwa malire. Amene amalikayikira amati ufulu wa munthu wamangiriridwa pa ntchito ya ofesi ina, moti ofesiyo ikachedwa, ufulu nawo umachedwa. Nkhaniyi inafika kukhoti mu 2024, ndipo khoti linalamula kuti a NRB azipezeka pa malo a kalembera kuti wopanda chiphaso athandizidwe pomwepo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo yomveka. Kaundula wodzaza mayina abodza amaba voti ya munthu woona, ndipo kaundula wovuta kulowamo amamubera munthu yemweyo mwa njira ina.

Yachiwiri ndi nthawi. Kalembera wa chisankho cha 2025 anachitika m'magawo atatu kuyambira Okutobala mpaka Disembala 2024, kenaka panali wina wowonjezera kumayambiriro kwa 2025. Aliyense wolima akudziwa kuti miyezi imeneyo ndi yotani. Mayi wadzuka tambala woyamba kukagalauza, dzuwa likakwera athamangire ku depoti kukaima pamzere wa feteleza, madzulo asake ndiwo. Pa sukulu ya pulayimale yapafupi pali anyamata a kalembera ndi makina awo pansi pa mtengo, ndipo akhalapo masabata awiri okha. Mayiyo akuti mawa, mawa, mpaka tsiku lina apeza pamtengo paja pali mbee. Chisankho chinali chikadali miyezi khumi kutsogolo, ndipo chinthu chakutali chotero sichipikisana ndi mvula yoyamba. Mayi ameneyu ali m'gulu la 3.7 miliyoni lija, koma sindingamutche waulesi. Ndipo tisaiwale kuti ngakhale zili choncho, amayi ndi amene analembetsa ambiri, pafupifupi 57 pa olembetsa 100 aliwonse.

Yachitatu ndi malo. Munthu amavotera kumene analembetsa, pokhapokha atasamutsa dzina lake pa nthawi imene MEC yatsegula mpata wotero. Matenanti a m'minda ya fodya, asodzi amene amatsata usipa m'mbali mwa nyanja, ophunzira amene analembetsera ku koleji koma tsiku lachisankho ali kumudzi, ndi ogwira maganyu m'tauni, onsewa amapezeka kuti dzina lili uku, mwini wake ali uko. Kukwera basi kuchoka ku Mzuzu kupita ku Mulanje chifukwa cha voti imodzi si zotheka kwa munthu wamba. Abale athu a ku Johannesburg, Cape Town, Harare kapena ku Britain ali ndi vuto lalikulu koposa, chifukwa Malawi alibe dongosolo lovotera kunja kwa dziko. Amatumiza ndalama za fizi ndi za malata, koma kuti avote ayenera kubwera kawiri, kudzalembetsa ndi kudzavota. Anzathu a ku Mozambique amalola nzika zawo zakunja kuvota, ndipo m'nyumba yawo ya malamulo muli mipando iwiri yoimira anthu amenewo. South Africa nayo imalola kuvotera ku maofesi a akazembe ake.

Sefa yomaliza ili m'kachipinda kovotera momwe. Voti imawonongeka ngati munthu wachonga anthu awiri, sanachonge aliyense, kapena wachonga mosadziwika kuti akufuna ndani. Mu 2025 mavoti owonongeka pa mpando wa pulezidenti anali pafupifupi 155,000. Kuti muone kukula kwa nambalayi, kumbukirani kuti pa zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2019, woyamba ndi wachiwiri anasiyana ndi mavoti pafupifupi 159,000. Mwina ena amawononga dala posonyeza kukwiya, koma pepala la mayina 17, kuphatikizapo mapepala ena awiri a phungu ndi khansala, si chinthu chapafupi kwa gogo amene maso ayamba kuchita chidima.

Nanga amene amangokhala dala?

Aliponso, ndipo mawu awo timawadziwa: "Onsewa ndi amodzimodzi." "Ndikavota ndidya voti?" "Amabwera nthawi ya kampeni yokha." Mawu amenewa sachokera mu umbuli. Amachokera kwa munthu amene wavota kanayi koma mlatho wa kwawo ukadali wa mitengo. Pali ena amene zikhulupiriro za mpingo wawo siziwalola kulowerera ndale, ndipo ndi ufulu wawo. Palinso amene amaona kuti kudera kwawo wopambana amadziwika kale, ndiye voti yawo siisintha kanthu. Maganizo otsirizawa anali ndi kamphamvu kale, koma pa mpando wa pulezidenti dziko lonse ndi dera limodzi, ndipo voti ya ku Chitipa imalemera chimodzimodzi ndi ya ku Nsanje.

Nkhani ya ndalama ndi mphatso za pa kampeni imalowanso pomwepa. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota, ngakhale zinthu monga zovala za chipani sizili m'gulu loletsedwalo. Aliyense amene anapitako ku msonkhano wa ndale akudziwa kuti mchitidwewu sunathe. Kuipa kwake kumapitirira tsiku lachisankho, chifukwa wandale amene wagula voti amadziona ngati walipira kale, ndipo wovota amene walandira amachita manyazi kukafunsa za chitukuko. Chimene chimateteza wovota ndi chinsinsi cha m'kachipinda muja. Palibe mfumu, bwana kapena mwamuna wa munthu amene angadziwe pamene wachonga.

Kuwerenga mavoti ndi lamulo la 50+1

Kuvota kukatha, mavoti amawerengedwa pamalo pomwepo, pamaso pa mamonita, amene ndi anthu oimira zipani ndi opikisana, komanso owonerera ochokera ku mabungwe. Amene anakhalapo pa kuwerengaku amadziwa mmene zimakhalira: kalasi ya pulayimale, mabenchi akankhidwira kukhoma, nyali ili pa tebulo, wamkulu wa pamalopo akukweza pepala lililonse m'mwamba kuti onse aone pamene pachongedwa, ndipo panja anthu akusuzumira pa mawindo. Akamaliza amalemba zotsatira pa fomu, mamonita amasaina, ndipo aliyense amatenga yake. Fomu imeneyo ndiyo mtima wa chisankho chonse. Zotsatira zikamayenda kuchoka pa sukulupo kupita ku dera, ku boma, mpaka ku likulu lowerengera, chipani chimene chili ndi mafomu ake onse chimatha kuwonkhetsa chokha n'kuona ngati nambala yasintha panjira. Lamulo limapatsa MEC masiku asanu ndi atatu kuti ilengeze zotsatira za pulezidenti, ndipo mu 2025 inawagwiritsa ntchito onse, n'kulengeza pa 24 Sepitembala.

Kwa zaka zambiri wopambana anali amene wangoposa anzake, kaya ndi voti imodzi. Khoti lalikulu la apilo linatsimikiza kamvedwe kameneka pa mlandu wa Gwanda Chakuamba wotsatira chisankho cha 1999. N'chifukwa chake Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100, ndipo Peter Mutharika mu 2014 ndi 36 yomweyo. Mu 2020 makhoti anatanthauziranso mawu a gawo 80, n'kunena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse ovomerezeka. Ndi zimene anthu amati 50+1. Akapanda kupezeka wotero, awiri otsogola amabwereza. Zambia inayamba kutsata njira imeneyi mu 2016.

Lamuloli lasintha ndale zathu kuposa mmene ambiri amaganizira. Chipani sichingadalirenso chigawo chimodzi, ndiye chimakakamizika kusaka abwenzi, monga zinachitikira ndi mgwirizano wa Tonse mu 2020. Chigawo chimene anthu ake atuluka mwaunyinji chimakoka zotsatira za dziko lonse, ndipo chimene anthu ake agwa ulesi chimafooketsa amene chimamukonda. Koma dziwani kuti 50+1 imakhudza pulezidenti yekha. Aphungu 229 ndi makhansala 509 amasankhidwabe mwakale. Pa dera limene apikisana anthu khumi, munthu atha kupita ku Nyumba ya Malamulo ndi mavoti 25 pa 100, otsala 75 atagawanika pa anzake asanu ndi anayi.

Wosakhutira amapita kuti?

Njira yoyamba ndi kudandaula ku MEC komweko zotsatira zisanalengezedwe. Yachiwiri ndi khoti, ndipo Malawi ali ndi mbiri imene dziko lapansi limaidziwa pa nkhaniyi. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, MEC inalengeza kuti a Mutharika apeza 38.6 pa 100, a Chakwera 35.4, ndipo malemu Dr Saulos Chilima 20.2. A Chilima ndi a Chakwera anapita kukhoti. Mlanduwo unkaulutsidwa pa wailesi ndi kumasuliridwa m'Chichewa, moti anthu ankaumvera m'misika ndi m'magalaja ngati mpira. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka usiku. Anapeza kuti mafomu ambiri anafufutidwa ndi Tippex, ena anali osasainidwa, ena sanali enieni oyenera kugwiritsidwa ntchito, ndipo zolakwikazo zinali zofalikira ndi zazikulu moti zotsatirazo sizikanadalirika. Anathetsa chisankhocho n'kulamula china pasanathe masiku 150. Khoti la apilo linagwirizana nazo pa 8 Meyi, ndipo linawonjezera kuti ovota akhale omwe aja a m'kaundula wa 2019. Chisankho chinabwerezedwa pa 23 Juni 2020, ndipo a Chakwera anapambana ndi pafupifupi 59 pa 100.

Mu Africa, dziko la Kenya lokha ndi limene linali litachitapo zotere, mu 2017. Chimene chigamulo chathu chinakhazikitsa n'chakuti khoti siliyang'ana nambala zokha, limayang'ananso ngati njira yofikira pa nambalazo inatsata lamulo. Komabe khoti limafuna umboni, osati mphekesera za pa Facebook, ndipo nthawi yokasuma ndi yaifupi kwambiri. Umboniwo ndi mafomu aja a m'kalasi ya pulayimale.

Njira yachitatu ndi ziwonetsero. Gawo 38 limapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita ziwonetsero mwamtendere, popanda zida. Za 2019 zinatenga miyezi yambiri, ndipo zinaonetsa mphamvu ya anthu wamba, komanso zinasiya mabala: mashopu anathyoledwa, anthu anavulala, ena anataya miyoyo. Ufuluwo ndi weniweni, ndipo malire ake alembedwa m'gawo lomwelo.

Pali china chimene timachiona ngati chachizolowezi chonsecho m'mayiko ambiri n'chosowa. Atsogoleri okhala pampando agonjapo pa chisankho kanayi, mu 1994, 2014, 2020 ndi 2025, ndipo nthawi zonsezo mpando unasinthadi. Mu 2025 a Chakwera anavomereza kugonja MEC isanalengeze, ndipo a Mutharika analumbira pa 4 Okutobala pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre.

Phungu akasamuka, voti imapita kuti?

Apa ndi pamene wovota amadzimva kuti manja ake afupika. Boma latsopano likangolowa, kumayamba kumveka aphungu akuti "anthu a kwathu andiuza kuti ndigwire ntchito ndi boma." Gawo 65 linaikidwa kuti lithane ndi zimenezi. Limati phungu amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani, akachisiya mwakufuna kwake kapena akalowa chipani china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu, ndipo anthu akavotenso. Ganizo lake n'losavuta: amene anakutuma ndi amene akuuze ngati ungasinthe njira.

Kuchita kwake ndiye kwakhala kovuta. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira, ndipo mkangano wa gawo 65 unachedwetsa bajeti mu 2007 ndi 2008. Khoti la apilo linati gawoli ndi lovomerezeka, koma mipando sinachotsedwe. Iye atamwalira mu Epulo 2012, gulu linanso linakhamukira ku chipani cha PP cha Dr Joyce Banda. Sipikala akafuna kuchitapo kanthu, phungu amathamangira kukhoti kukatenga chiletso, mlandu n'kugona mpaka nthawi ya Nyumbayo itatha. Chipani chilichonse chachikulu chadandaulapo za gawoli chili kotsutsa, ndipo chapindulapo nalo chili m'boma.

Aphungu oima paokha ndiye gawoli siliwagwira kwenikweni, chifukwa sanasankhidwe pa tikiti ya chipani. Ndipo akuchuluka. Mu 2019, pa mipando 193, oima paokha anapambana 55, chimodzimodzi ndi MCP, pamene DPP inapeza 62. Mu 2025 anaposa aphungu a MCP, n'kukhala gulu lachiwiri pa kukula. Ambiri mwa iwo amakhala anthu a chipani amene sanakhutire ndi mapulayimale, zisankho zija chipani chimachita posankha wochiimira. Wovota amene wachonga woima payekha amakhala kuti wasankha munthu, koma mbali imene munthuyo akakhale ku Lilongwe sanaisankhe.

Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu anachotsa gawoli mu 1995 lisanagwirepo ntchito. Ofuna kuti libwerere amati wolemba ntchito ayenera kukhala ndi mphamvu yochotsa wantchito. Otsutsa amati ogonja pa chisankho angamaligwiritse ntchito posokoneza wopambana, dziko n'kumangokhalira zisankho zapadera zodya ndalama. Mpaka lero silinabwerere, ndipo chilango chimene ovota atsala nacho ndi cha pa zaka zisanu. Amachigwiritsadi ntchito, chifukwa pa zisankho zambiri zapitazi aphungu oposa theka sanabwerere ku Nyumba ya Malamulo.

Zimene zimatsala m'manja pakati pa zisankho

Kwa ine, vuto lalikulu ndi lakuti tinazolowera kuyeza phungu ndi muyeso wolakwika. Timamuyamika akagula bokosi la maliro kapena akapereka galimoto yonyamula odwala, chonsecho ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Za mjigo, msika, mlatho waung'ono ndi midadada ya sukulu, mwini wake ndi khonsolo, kumene kumakhala khansala uja timamuchonga pomaliza osamudziwa n'komwe dzina. Zofuna za mudzi zimayenera kukwera kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, amene ambiri timawadziwa kuti VDC ndi ADC, ndipo m'makomiti amenewa munthu wamba atha kulowa popanda khadi la chipani.

Chida china ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Limalola nzika iliyonse kulemba kalata yofunsa, mwachitsanzo, ndalama zimene zinapita pa mlatho wakutiwakuti ndi kontilakitala amene anapatsidwa ntchitoyo. Mayankho sabwera msanga nthawi zonse, koma funso lolembedwa limasiya mapazi, ndipo wailesi za m'madera zimatha kulinyamula. Mamanifesito a zipani nawonso ndi oyenera kusungidwa m'nyumba ngati lisiti la ngongole, chifukwa ndi pokhapo pamene malonjezo analembedwa ndi eni ake.

Chisankho chachikulu chotsatira chidzakhala mu Sepitembala 2030. Ana amene anali ndi zaka 13 pa tsiku lija la 2025, amene ankasuzumira pa mawindo a kalasi mavoti akuwerengedwa, adzakhala atakwana zaka zovotera. Chiphaso cha unzika munthu amayamba kutenga ali ndi zaka 16, kutanthauza kuti kwa iwowa sefa yoyamba ija idzafika mu 2028, kudakali zaka ziwiri kuti kampeni iyambe.